PLT: nambala ya mapulateleti pa pepala la magazi, mmene imapezekera ndi mmene imasokonekera

Munthu akalandira pepala la FBC, loyeza kuchuluka kwa maselo a m'magazi, kaya ku chipatala cha Parirenyatwa, cha Gomo kapena ku labu yolipira m'tauni muno mu Harare, maso ake amathamangira pa Hb. Ndiyo nambala imene tonse tinaizolowera, yonena ngati magazi ali okwanira kapena achepa. Chakumunsi kwa pepalalo kuli mzere wina wolembedwa PLT, ndipo masiku ano abale athu ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Epworth akumaujambula mzerewu n'kuponya pa WhatsApp ya banja kapena ya bungwe la maliro, kufunsa tanthauzo la kachilembo L (yotsika) kapena H (yokwera) kamene kali pambali pake. Mayankho sachedwa. Wina amati finyani masamba a papaya, wina amanong'ona za khansa, ndipo mwini pepalayo tulo samatiwona.

Nambala imeneyi ndi yothandiza kwambiri. Imatha kuulula malungo, matenda a chiwindi amene abisala zaka zambiri, kapena ngozi imene ikuyandikira mayi woyembekezera. Komanso pa nambala zonse za pa pepalalo, ndi imodzi mwa zosachedwa kulakwika, ndipo kulakwikako nthawi zambiri kumayambira pa mkono pomwe magazi akutengedwa, makina asanawakhudze n'komwe. Choncho musanaiope kapena kuinyalanyaza, ndi bwino mudziwe njira imene yadzera kuti ifike pa pepala.

Mapulateleti si maselo athunthu. Ndi tizidutswa tobenthuka ku maselo akuluakulu a m'mafuta a m'mafupa, otchedwa megakaryocyte. Pulateleti imodzi kukula kwake ndi mamayikulomita 2 kapena 3, pomwe selo lofiira limafika 7 kapena 8. Giulio Bizzozero wa ku Italy ndiye anafotokoza bwino ntchito yake m'chaka cha 1882, ndipo mu 1906 James Homer Wright wa ku Boston anaonetsa kumene amachokera. Thupi la munthu wamkulu limapanga mapulateleti pafupifupi 100 biliyoni tsiku lililonse, ndipo aliyense amakhala m'magazi masiku 7 mpaka 10 basi. Lamulo loti apangidwe limachokera ku chiwindi, kudzera m'homoni yotchedwa thrombopoietin. Ndipo nthawi ina iliyonse, gawo limodzi mwa magawo atatu a mapulateleti onse limakhala litasungidwa mu kapamba. Mafupa, chiwindi, kapamba: zambiri zimene zimatsitsa nambalayi zimakhudza chimodzi mwa zitatuzi.

Ntchito yawo ndi kutseka pobooka. Mtsempha ukang'ambika, mapulateleti amamatirira pa balapo, amasintha maonekedwe n'kutulutsa timanja, amaitana anzawo, n'kuunjikana mpaka bowo litatsekeka. Kenako ulusi wa fibrin umabwera kudzalimbitsa chotsekeracho. Khalidwe lomatirirali ndi lomwe limatipulumutsa tikadzicheka ndi mpeni, ndipo ndi lomwenso limavutitsa anthu a mu labu, chifukwa kwa pulateleti, singano ndi kabotolo nazonso ndi bala. Magazi akangotuluka mumtsempha, mapulateleti amayamba kugwirana, ndipo amene agwirana sawerengeka.

Poyezetsa FBC sipafunika kusala chakudya. Lamba womanga pamkono asapitirire mphindi imodzi. Magazi amalowa m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, momwe muli mankhwala otchedwa EDTA. Mankhwalawa amagwira kashiamu wa m'magazi, ndipo popanda kashiamu magazi saundana. Kabotolo kadzazidwe kufika pa mzere wake, kaya ndi 2 ml kapena 4 ml, chifukwa muyezo wa EDTA anaukonzera magazi ochuluka choncho: mukapitirira mzere mankhwala amachepa ndipo magazi amaundana, mukathira pang'ono kwambiri mankhwala amachuluka ndipo maselo amasintha maonekedwe. Ndiyeno pali kanthu kakang'ono kamene kamaiwalika kawirikawiri. Kabotolo kakangochotsedwa pa singano, kazondotsedwe n'kubwezedwa pang'onopang'ono maulendo 8 mpaka 10, nthawi yomweyo, osati kukhutchumula ngati botolo la mankhwala a chifuwa.

Taganizirani m'mawa wa Lolemba pa kiliniki, mzere utatulukira panja. Mtsempha wa agogo wavuta kupezeka, asisita abaya kawiri, ndipo pomaliza akoka magazi ndi sirinji pang'onopang'ono. Akutsindira thonje pamkono, akuyankha wina pakhomo, sirinji ili pa thireyi. Papita mphindi ziwiri magazi asanalowe m'kabotolo. Ukayang'ana kabotoloko kamaoneka bwinobwino, koma m'kati mwabadwa kale kachibuluma kochepa ngati njere ya mapira, ndipo kameza mapulateleti ochuluka zedi. Makina adzalemba 60 kwa munthu amene ali ndi 220. N'chifukwa chake wa mu labu wodziwa ntchito, akaona nambala yotsika mosayembekezereka, amatsegula kabotolo n'kupisamo timitengo tiwiri towonda, kukokera m'mwamba kuti aone ngati patsalira ulusi kapena kachibuluma. Chikapezeka, zotsatirazo n'zotaya, magazi atengedwenso. Wodwala angadandaule kuti akubayidwa kachiwiri, koma kubayidwa kawiri kuli bwino kusiyana ndi kuimitsidwa opaleshoni kapena kuikidwa magazi chifukwa cha nambala yabodza.

Zolakwika zina za pa mkono ndi izi. Magazi otengedwa pa mkono umene uli ndi diripi amakhala osungunuka ndi madzi a diripiyo, ndipo nambala zonse zimatsika limodzi, Hb yomwe. Magazi a pachala kapena a pachidendene cha khanda amakonda kuonetsa mapulateleti ochepa, poti ena amatsalira pa bala lobayalo, makamaka chala chikamafinyidwa. Kabotolo kalembedwe dzina wodwala ali pomwepo. Ndipo ngati magaziwo akupita ku labu ya kwina pa njinga yamoto, asaumitsidwe mufiriza, asasiyidwenso padzuwa la Okutobala. Ndi bwino ayezedwe pasanathe maola 6. Amene agona kupitirira tsiku lathunthu, nambala yake ilandiridwe mokayika.

Makina ambiri amene ali m'malabu, monga a Sysmex, Mindray ndi Beckman Coulter, amagwiritsa ntchito nzeru imene Wallace Coulter analandirira chiphaso cha umwini mu 1953. Magazi amasungunulidwa m'madzi amchere n'kukokedwa kudzera pa kabowo kakang'ono kwambiri komwe pakudutsa magetsi. Kanthu kalikonse kakamadutsa pabowopo kamatchinga magetsi pang'ono, ndipo makina amawerenga kutchingako. Kukula kwa kutchinga ndiko kukula kwa kanthuko. Apa pali mfundo yofunika: makinawa saona. Sadziwa pulateleti ndi nkhope. Amangosankha potengera msinkhu, monga sefa. Chilichonse cha pakati pa mafemtolita 2 ndi 20 kapena kuposerapo pang'ono amachitcha pulateleti, chokulirapo amachitcha selo lofiira.

Ndiye onani zimene zimachitika. Mapulateleti khumi akagwirana, makina amaona chinthu chimodzi chachikulu n'kuchiika kwina, nambala n'kutsika. Anthu ena ali ndi mapulateleti akuluakulu ofika pa msinkhu wa selo lofiira, nawonso amadumphidwa. Mbali inayi, maselo ofiira akakhala aang'ono kwambiri chifukwa chosowa ayironi, kapena akaphwanyika, monga mwa munthu wopsa ndi moto, tizidutswa take timawerengedwa ngati mapulateleti ndipo nambala imakwera mwabodza. Choopsa apa n'chakuti munthu amene mapulateleti ake atsikadi angaoneke ngati ali bwino. Makina akuluakulu ali ndi njira yachiwiri yowerengera pogwiritsa ntchito kuwala kwa leza ndi utoto wowala, ndipo imachepetsa zolakwikazi. Makina akakayika amaika chizindikiro, kanyenyezi kapena mawu akuti PLT clumps. Chizindikirocho chikaoneka pa pepala lanu, nambalayo sinatsimikizike.

Pali vuto lina lodabwitsa limene limapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 1,000 alionse. Magazi ake ali ndi asilikali amene m'thupi savutitsa kanthu, koma akakumana ndi EDTA m'kabotolo amachititsa mapulateleti kugwirana m'magulumagulu. Munthuyo ndi wathanzi, satuluka magazi paliponse, koma nthawi iliyonse akayezetsa pepala limati 40 kapena 70. Mankhwala ake si mapiritsi ayi, ndi kabotolo kena. Magazi atengedwe m'kabotolo ka chivindikiro chabuluu, ka citrate, ayezedwe mwamsanga, ndipo nambala yotulukayo ichulukitsidwe ndi 1.1, chifukwa m'kabotoloko gawo limodzi mwa magawo khumi ndi madzi a citrate. Amene wapezeka ndi zimenezi azilembetse m'khadi lake lachipatala, kuti asamaopsezedwe chaka ndi chaka.

Chothetsa mikangano yonseyi ndi galasi ndi mayikulosikopu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti makina atafala, ntchito imeneyi ikuchepa ulemu. Kadontho ka magazi kamaikidwa kumapeto kwa galasi, galasi lina limapendekedwa madigiri 30 mpaka 45 n'kukankhidwa kamodzi, mosaima, kuti magazi afalikire ngati lilime lopyapyala kunsonga. Likauma amalithira utoto wa Leishman kapena Giemsa. Woyang'ana amayamba ndi diso laling'ono, la x10, kunsonga ndi m'mphepete, chifukwa magulu a mapulateleti ogwirana amakokedwera kumeneko. Akawapeza, nkhani yatha, nambala ya makina ndi yabodza. Akapanda kuwapeza amadontheza mafuta n'kupita pa x100, pamalo pomwe maselo ofiira ayandikana koma osasanjikizana. Mapulateleti amaoneka ngati timadontho tapepo tokhala ndi timchenga m'kati. Amawerenga malo khumi, n'kupeza nambala yapakati. Mwa munthu wabwinobwino pamalo amodzi pamakhala 8 mpaka 20. Nambala yapakatiyo akaichulukitsa ndi 15 kapena 20 amapeza chiyerekezo cha PLT: atatu pamalo amodzi ndiye kuti 45 mpaka 60.

Galasi lomwelo limanenanso zimene makina sanganene. Limaonetsa tizilombo ta malungo m'kati mwa maselo ofiira, maselo ofiira oduka ngati chipewa chong'ambika, kapena maselo oyera osakhwima amene sayenera kupezeka m'magazi. Pamafunika diso lozolowera, chifukwa pulateleti ikagona pamwamba pa selo lofiira imafanana ndi kachilombo ka malungo, ndipo ophunzira ambiri amapusitsika nayo.

Makina akafa kapena mankhwala ake akatha, njira yakale yowerenga ndi maso ikadalipo. Amatenga mamayikulolita 20 a magazi n'kusakaniza ndi 0.38 ml ya madzi a ammonium oxalate a 1 peresenti, amene amaphwanya maselo ofiira n'kusiya mapulateleti. Amadzaza kagalasi ka mizere kotchedwa Neubauer, n'kukaika m'mbale yovindikira momwe muli pepala lonyowa kwa mphindi 20, kuti mapulateleti akhazikike pansi madzi osauma. Pa x40, kuwala atakuchepetsa, amawerenga timabokosi tisanu ta m'bokosi lapakati, ndipo chiwerengero chopezekacho ndicho PLT. Chimene chimaononga njirayi ndi fumbi ndi madzi okhalitsa momwe mwamera mabakiteriya, poti zonsezi zimanyezimira ngati mapulateleti. Madziwo azisefedwa asanagwiritsidwe ntchito.

Tsopano nambala yatsimikizika. Ikutanthauza chiyani?

Malabu ambiri amalemba kuti mlingo wabwino ndi 150 mpaka 400, ena mpaka 450. Nambala 250 ikuimira mapulateleti 250,000 mu mayikulolita imodzi, yomwe ndi pafupifupi kadontho kamodzi mutakagawa pa 50. Thupi lili ndi mapulateleti ambiri kuposa amene limafunikira tsiku ndi tsiku, choncho 140 kapena 130 mwa munthu amene akupeza bwino si chifukwa chothamangira kuchipatala usiku, ndi chifukwa chobwerezera kuyezetsa pakapita milungu ingapo. Pamwamba pa 50 maopaleshoni ambiri amatheka, ngakhale a ubongo ndi a m'kati mwa diso amafuna 100. Pakati pa 20 ndi 50 munthu amachedwa kusiya kutuluka magazi akavulala. Pansi pa 20 magazi amatha kutuluka okha, ndipo pansi pa 10 pali chiopsezo cha kukha magazi mu ubongo.

Mabuku amanena za timadontho tofiira pakhungu ngati chizindikiro cha mapulateleti otsika, koma pakhungu lathu lakudali timadonthoti sitioneka msanga. Yang'anani m'kamwa, kumwamba kwa m'kamwa ndi m'kati mwa masaya. Kokerani pansi chikope cham'munsi. Onani m'akakolo ndi pomwe pamafinya lasitiki wa sokosi. Timadontho ta mapulateleti sitiyabwa, sititukuka, ndipo mukatsindikiza ndi tambula yagalasi sitizimiririka. Kamfuno wosaleka ngakhale mwafinya mphuno mphindi 15, nkhama zotuluka magazi popanda kutsuka mano, matuza amagazi m'kamwa, chimbudzi chakuda ngati phula, msambo wonyowetsa thewera ola lililonse, kapena mutu waukulu wadzidzidzi mwa munthu amene PLT yake ndi yotsika, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa ife okhala ku Harare, PLT ikatsika chifukwa choyamba kuchiganizira ndi malungo, ndipo pali msampha wake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo malungo otengera muno ndi ochepa. Munthu amene wakhala kuno zaka zambiri chitetezo chimene anakula nacho ku Nkhotakota, Mangochi kapena Nsanje chimazilala, ndipo ana obadwira kuno alibiretu. Disembala ikafika timakwera basi kudzera ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, dzinja lili pakati. Kutentha thupi kumayamba patapita sabata imodzi kapena ziwiri, mwina titabwerako kale, ndipo woyeza kuno sangaganize za malungo msanga ngati simunamuuze za ulendowo. Ambiri odwala malungo a falciparum mapulateleti awo amatsika, mwina kufika 80, 50 kapena kucheperapo, chifukwa amaonongeka msanga ndipo ena amagwidwa mu kapamba. Choncho kutentha thupi, PLT yotsika ndi ulendo wa posachedwa, kaya wakumudzi, ku Kariba kapena ku Mudzi, atengedwe ngati malungo mpaka kuyeza kutakana, ndipo kuyeza koyamba kukakana kubwerezedwe. Mankhwala akagwira, Coartem yemwe kumudzi timati LA, mapulateleti amakwera okha pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo kawirikawiri sipafunika kuika ena.

Nkhani ya kapamba ndi chiwindi ndiyo imene ikufunika kuimapo, chifukwa imayenda mwakachetechete. Chiwindi chikachita zipsera, magazi ochokera m'matumbo amavutika kudutsamo, amabwerera m'mbuyo, kapamba n'kutupa. Kapamba wotupa amasunga mapulateleti ochuluka kuposa gawo lake lija, ndipo chiwindi chodwala chimachepetsa homoni yolamula kuti apangidwe. Zotsatira zake ndi PLT yotsika pang'onopang'ono: 160 chaka chino, 130 patapita zaka ziwiri, kenako 95, munthu akugwira ntchito bwinobwino. Zoyambitsa zake timazidziwa. Pali hepatitis B, imene ambiri anaitenga ali ana ndipo sadziwa. Pali likodzo la m'matumbo, limene munthu anatenga akusamba kunyanja kapena kudambo ali mnyamata ndipo mazira ake anakakhazikika m'chiwindi. Palinso mowa, makamaka kachasu, umene kuwonjezera pa kuononga chiwindi umafooketsanso mafuta a m'mafupa mwachindunji.

Madokotala ali ndi kasamu kophweka kogwiritsa ntchito nambalayi, kotchedwa APRI. Amatenga AST, yomwe ili pa pepala la zoyeza chiwindi, n'kuigawa ndi malire ake apamwamba, kenako n'kugawa ndi PLT, n'kuchulukitsa ndi 100. Munthu wa AST 60, pomwe malire ndi 40, ndi PLT 100, APRI yake ndi 1.5. Malangizo a WHO a 2024 okhudza hepatitis B amati kupitirira 0.5 ndi chifukwa choyambira mankhwala, ndipo kupitirira 1 kukusonyeza kuti chiwindi chikhoza kukhala chitauma kale. Mwa anthu oterewa choopsa chenicheni si kuchepa kwa mapulateleti pakokha, koma mitsempha yotupa ya kummero imene ingaphulike munthu n'kusanza magazi. Amene PLT yake yakhala pansi pa 150 kwa miyezi popanda chifukwa chodziwika apemphe kuyezedwa hepatitis B ndi C, HIV, ndi kujambulidwa m'mimba kuti aone kukula kwa kapamba.

HIV nayo imatsitsa mapulateleti, ndipo nthawi zina ndicho chizindikiro chake choyamba. Munthu akayamba ma ARV n'kumamwa mwandondomeko, nambala imakwera. Mankhwala ena amatha kuitsitsa: cotrimoxazole amene kumudzi timati bakitirimu, rifampicin wa TB, linezolid, kwinini, valproate wa khunyu, mankhwala a khansa, ndi heparin woletsa magazi kuundana, amene amatsitsa pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 ndipo modabwitsa amabweretsa kuundana kwa magazi m'malo mwa kukha. Musasiye mankhwala aliwonse pa nokha. Atengeni onse m'thumba, azitsamba omwe, mukawaonetse adokotala. Matenda aakulu a mabakiteriya olowa m'magazi amathanso kudya mapulateleti m'maola ochepa, ndipo kwa wodwala wogonekedwa, PLT imene ikutsika tsiku ndi tsiku imachenjeza msanga.

Amayi oyembekezera ali ndi nkhani ziwiri zofanana pa pepala koma zosiyana kutalitali. Amayi 5 mpaka 10 pa 100 alionse mapulateleti awo amatsika pang'ono m'miyezi yomaliza, kawirikawiri osatsika pansi pa 100, ndipo amabwerera okha akachira. Izi sizivulaza mayi kapena mwana. Koma PLT ikamatsika limodzi ndi BP yokwera, mapuloteni mumkodzo, mutu, kuona zinthu ngati nyenyezi, kapena kupweteka pansi pa nthiti zakumanja, amenewo akhoza kukhala matenda otchedwa HELLP, ndipo nambala imagwa m'maola, osati m'masiku. Zotsatira za dzulo sizithandiza, amayezanso pakapita maola ochepa, ndipo chochiza chenicheni ndi kubereketsa mayiyo msanga. Nambalayi ndiyonso imene ogonetsa amayang'ana asanabaye jakisoni wa pamsana pa opaleshoni yobereka. Ambiri amafuna 70 kapena 80 kupita m'mwamba.

Musawerenge PLT payokha. Ikatsika yokha, Hb ndi maselo oyera zili bwino, galasi lili loyera, nthawi zambiri amaganizira ITP, pomwe chitetezo cha thupi chimaononga mapulateleti ake omwe. Mwa ana imabwera pambuyo pa chimfine kapena matenda ena a mavairasi ndipo ambiri amachira okha m'miyezi ingapo. Mizere yonse itatu ikatsika limodzi, maso amapita ku mafuta a m'mafupa: kusowa vitamini B12 kapena folate, komwe kumaonekera pa kukwera kwa MCV, msinkhu wapakati wa maselo ofiira, ndipo n'kochizika, mafupa osiya kupanga magazi, kapena khansa ya m'magazi. Apa m'pomwe pamafunika kutenga mafuta a m'fupa la m'chiuno kukayeza. PLT yotsika limodzi ndi maselo ofiira oduka pa galasi, munthu akusokonezeka mutu, ingakhale nthenda yotchedwa TTP, ya tizibuluma totseka timitsempha, imene kuno kum'mwera kwa Africa imayenderana ndi HIV yosachizidwa. Imafuna plasma, madzi a m'magazi, mwamsanga, ndipo kuika mapulateleti kungaikulitse.

Kachilembo H kaopseza anthu ambiri pachabe. Kukwera kupitirira 450 nthawi zambiri ndi thupi kuyankha vuto lina: kusowa ayironi, makamaka mwa amayi otaya magazi ambiri posamba, TB, matenda a mabakiteriya, kutupa kwa mfundo, opaleshoni ya posachedwa, kuchotsedwa kapamba, ndipo nthawi zina khansa ya chiwalo china. Mayi wa Hb 9, MCV 68 ndi PLT 560 akufunika ayironi ndi kufufuza kumene magazi akutayikira, ndipo mapulateleti adzatsika okha. Ikakhalabe yokwera kwa miyezi popanda chifukwa chooneka, amafufuza matenda a m'mafupa otchedwa essential thrombocythaemia. Kusintha kwa jini ya JAK2, kumene kunadziwika mu 2005, kumapezeka mwa odwala opitirira theka. Musayambe asipirini chifukwa choona H. Pa nambala zokwera kwambiri, zopitirira 1,000, asipirini angayambitse kukha magazi.

Dziwaninso kuti PLT imawerenga kuchuluka, sinena ngati mapulateletiwo akugwira ntchito. Asipirini amalemaza pulateleti kwa moyo wake wonse, choncho piritsi limodzi mphamvu yake imatha pokhapokha atsopano atalowa m'malo, masiku 7 mpaka 10, pepala likuonetsa 280 bwinobwino. Ibuprofen ndi diclofenac amachita zofanana kwa nthawi yochepa. Impso zikafooka mapulateleti amafookanso. Amene PLT yake ndi yotsika apewe mankhwala amenewa, ndipo awerenge mapaketi a ufa wa mutu wogula pa takishopu, poti ena monga Grand-Pa muli asipirini. Panado ndiye wosakhudza mapulateleti. Ponena za MPV, yomwe ndi msinkhu wapakati wa mapulateleti, imakwera thupi likamapanga atsopano mothamanga, komanso imakwera magazi akakhalitsa mu EDTA, choncho payokha si yodalirika.

Za masamba a papaya, bitiruti ndi zina zoyenda pa mafoni, tinene mosabisa. Palibe chakudya chimene chingatulutse mapulateleti mu kapamba wotupa, kupha tizilombo ta malungo kapena kuletsa HELLP. Chakudya ndi mapiritsi a mavitamini zimathandiza pamene vuto ndi kusowa B12 kapena folate. Chomvetsa chisoni ndi masiku amene amatayika munthu akusinja masamba pomwe chifukwa chenicheni chikukula.

Kuika mapulateleti kumachitika, koma si kophweka ngati kuika magazi ofiira. Magazi ofiira amakhala mufiriji milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Mapulateleti salowa mufiriji. Amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, pa makina owagwedeza usana ndi usiku, ndipo amakhala masiku 5 okha, chifukwa pa kutentha kumeneko mabakiteriya amakula msanga. Muyezo umodzi wa munthu wamkulu umachokera kwa opereka magazi 4 mpaka 6, kapena kwa mmodzi wolumikizidwa ku makina osankha mapulateleti okha, ndipo umakweza PLT ndi 20 mpaka 40 kwa masiku awiri kapena atatu. N'chifukwa chake a National Blood Service Zimbabwe amafuna opereka magazi mosalekeza, ndipo madokotala amasungira mapulateleti amene akukha magazi, amene akupita ku opaleshoni, ndi amene mafupa awo sakupanga ndipo atsika pansi pa 10. Mwa wodwala ITP, oikidwawo amaonongedwa m'maola ochepa, choncho amayamba ndi mankhwala monga prednisolone.

Mukalandira pepala la PLT yotsika, funsani ngati kabotolo kanaonedwa kuti mulibe chibuluma, ngati galasi linayang'anidwa, ndi tsiku loyenera kubwereza. Ngati n'kotheka bwerezani pa labu yomweyo, chifukwa makina osiyana amasiyanako pang'ono, ndipo 180 lero ndi 165 mwezi wamawa si kusintha. Mapepala akale musataye, aikeni m'khadi lachipatala motsatana masiku ake, kuphatikizapo amene munayezetsa kumudzi kapena ku Joni. PLT ya 120 imene yakhala choncho zaka zisanu ndi nkhani ina, 120 imene inali 300 sabata yatha ndi nkhani inanso. Ndipo mukamajambula pepala kuti mutumizire namwino kapena dokotala wa m'banja mwanu, jambulani lonse, tsiku, Hb, MCV, maselo oyera ndi mawu a wa mu labu olembedwa pansi, ndipo munene ngati muli ndi pakati, mankhwala amene mukumwa, ndi kumene mwayenda m'miyezi iwiri yapitayi.